Khirisimasi yoyamba ku Njewa

Njewa, Lilongwe
Januwale

Mnzanga wapamtima,

Mauthenga ako onse ndinawaona, ndi aja omwe unkandinena kuti ndalemera ndayamba kunyada. Usandiweruze msanga. Kuno netiweki imagwira bwino ukakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndiye ndi mvula ya masiku ano ndani angakaime pachulu kumvetsera mawu ako ataliatali a pa WhatsApp aja? Tsopano alendo onse anapita, ana ali kusukulu, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere zonse bwinobwino, ukawerenge ukaweruka. Kaya ukupeza bwanji ndi chisanu cha ku Leeds? Ife kuno tili bwino, kungoti m'thumba mwauma. Januwale umamudziwa.

Tinalowa m'nyumba muja kumapeto kwa Novembala. Ndikati nyumba, usaganize zokongola zimene anthu amaika pa Facebook. Siling'i mulibe, ukagona chagada umawerenga mitengo ya denga. Pansi ndi simenti chabe. Pulasitala tapaka m'kati mokha, kunja mabuloko akuonekera mmene anawasanjira mmisiri. Mazenera a pabalaza ali ndi magalasi, koma a zipinda ziwiri tatseka ndi zidutswa za malata. Magetsi tinalembetsa, tikudikirabe, ndiye tikudalira kasola koyatsa mababu ochepa ndi kutchaja mafoni. Madzi ndi a pamjigo, chimbudzi ndi chokumba. Alamu ako ankafuna tidikire mpaka zonse zithe, akuti anthu angatiseke. Ine ndinati lendi ya miyezi itatu ku Area 25 ndi ndalama ya magalasi a nyumba yonse, nanga tizikaipereka kwa munthu wina chifukwa choopa kusekedwa? Ukukumbuka mmene ntchito inaimira pa lintala kwacha itagwa mu Novembala 2023? Anaichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti kamodzi n'kamodzi, ndalama imene tinasungira malata n'kukhala yosakwananso, simenti nayo n'kuthawa. Chichokereni nthawi imeneyo, mawu akuti "tidikire kaye" sindiwamvanso bwino.

Zaka zonsezi Khirisimasi tinkaitsatira kumudzi, chaka china kwathu ku Dedza, chaka china kwawo kwa alamu ako ku Karonga. Ndalama zikavuta tinkangokhala m'kanyumba ka lendi kaja, kudya mpunga titatseka chitseko. Ulendo uno sitinaitane munthu. Mbiri itangomveka kuti talowa nyumba yathuyathu, mafoni anayamba kulira okha. Aliyense ankati akungofuna adzaone pamene tikukhala, koma chodabwitsa n'chakuti onse tsiku lawo lodzaonera linali pa 23 kapena pa 24 Disembala.

Amayi okha ndiwo anayamba akana. Akuti munthu wanzeru sasiya munda mu Disembala, chimanga chili m'maondo, udzu ukukula usana ndi usiku, feteleza wachiwiri asanathire. Ndinachita kutumiza pa foni ndalama ya aganyu kuti apalire, pamenepo ndi pomwe anati aganiza kaye. Anafika ndi achimwene aakulu, atanyamula nkhuku ziwiri zachikuda zomanga miyendo, thumba la mbatatesi ndi chimera m'kachitini. Atatsika pa kabaza sanalowe m'nyumba. Anayamba azungulira kunja konse, kugogoda khoma ndi chala, kuyang'ana pamene madzi a padenga akugwera, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga nkhokwe muika pati?" Kuyamikira kwawo n'kumeneko, umawadziwa.

Apongozi ananyamuka ku Karonga madzulo pa basi ya usiku, kukwera mapiri a Chiweta mumdima, kudutsa Mzuzu, Jenda, Kasungu, ulendo wa makilomita pafupifupi 600, n'kufika mu Lilongwe m'mamawa miyendo itatupa. Koma katundu amene anatsika naye! Mpunga wa Kilombero wa m'munda mwawo, mkoko wa nthochi zophika, usipa wouma, ndi chigubu cha chambiko chimene anachifungatira njira yonse. Anabwera ndi alamu anga aakazi pamodzi ndi ana awo. Ukawonjezerapo mng'ono wanga wa ku Kasungu ndi banja lake, komanso amayi ako ndi mnyamata wako amene tinakawatenga ku Kawale pa 24, nyumba inadzaza mpaka pakhonde.

Amuna anagona pabalaza pa mphasa ndi matiresi obwereka, akazi ndi ana m'zipinda. Maneti tinachita kumangirira ku mitengo ya denga ndi zingwe zazitali. Apa m'pamene ndinadziwira ntchito ya siling'i. Wina akatsokomola kuchipinda chakumapeto, wa pabalaza amayankha kuti pepani. Mkonono wa achimwene unkamveka nyumba yonse. Ine ndi alamu ako tikafuna kunong'onezana kuti shuga watha kapena makala atsala pang'ono, tinkatengana kupita kuchulu kuja, mafoni m'manja, anthu aziti tikusaka netiweki.

Nkhani imene ndikudziwa kuti ukuiyembekezera ndi ya azimayi awiriwa, amayi ndi apongozi. Chiyambire ukwati wathu anali asanagonepo nyumba imodzi. Kwathu, monga udziwa, mwamuna ndi mkamwini, ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kwawo kwa alamu ako amapereka ng'ombe, mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo nyumba imene mwana wawo wamanga amaiwerengera ku mtundu wawo. Ndiye taganiza, aliyense wa awiriwa anafika ndi mtima woti wabwera kwa mwana wake, mnzakeyo ndiye mlendo. M'mawa woyamba onse anadzuka kusanache, wina watenga tsache, wina wakoleza moto, aliyense akuuza mnzake kuti, "Pumulani mayi, mwatopa ndi ulendo." Palibe amene anapumula. Ine mwini khitchini ndinkangotumidwa mchere.

Mkangano sunabuke ayi. Anagawana okha ntchito popanda kukhalirana pansi: mpunga ndi nthochi za apongozi, nsima, nkhuku ndi thobwa za amayi. Ndipo kunena zoona, Kilombero wophika munthu wa ku Karonga ndi wina. Sathira zambirimbiri, madzi amayeza ndi maso, akayamba kuuma amapala makala ena pa mbaula n'kuwaika pa chivundikiro kuti upse ndi pamwamba pomwe, fungo n'kumakafika kumsewu. Pa 26 anatiphikira mbalagha, nthochi zosapsa zija zophika pamodzi ndi nyama mpaka msuzi kukhuthala. Amayi anadya mbale ziwiri uku akunena kuti chimenechi si chakudya chogonera, madzulo n'kuphikabe kansima kawo.

Chimene chinatiseketsa kwambiri ndi kolido. Amayi ndi achikale, sadyera pamodzi ndi mkamwini, ndipo kukumana naye maso ndi maso panjira yopapatiza kwa iwo ndi chipongwe. Kumudzi sizivuta, bwalo ndi lalikulu, wina amangopatuka. Koma nyumba yathu ili ndi kolido imodzi yopita kuzipinda zonse. Akangomva mayendedwe a alamu ako, amayi ankabwerera m'mbuyo, kutulukira khomo la kukhitchini, kuzungulira nyumba yonse mvula ikugwa, n'kudzalowera khomo la kumaso. Alamu akonso, pofuna kuwalemekeza, anayamba kuchita zomwezo, mpaka tsiku lina anakakumanizana kuseri pangodya, aliyense akuthawa mnzake. Ana anaseka mpaka kugubuduka pansi. Apongozi anati zimenezi n'zochepa, kwawo kale mkazi sankayenera n'komwe kuonana ndi apongozi ake aamuna, ankachita kubisala akamva kuti akubwera. Kuyambira pamenepo awiriwa anapeza nkhani, anakhala pamkeka mpaka usiku akufananiza miyambo, wina Chichewa, wina Chichewa chosakaniza ndi chakwawo, n'kumamvana bwinobwino.

Thobwa amayi anayamba kukonza tsiku lomwe anafika. Anaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu pa mafuwa, nkhuni zonyowa zikufuka utsi wowawa m'maso, n'kuliphula kuti lipoleko. Amayesa ndi chala. Akuti likatentha kwambiri limapha chimera, likazizira kwambiri chimera sichigwira ntchito. Atathira chimera cha mawere n'kutakasa, phala lolimba lija linayamba kusungunuka ana akuonerera, mpaka linangokhala madzimadzi, ndipo mzime wanga anafunsa ngati agogo athiramo mankhwala. Linagona usiku wonse litavundikiridwa, m'mawa analiwiritsanso. Shuga anakaniratu, akuti thobwa lofuna shuga ndi la munthu waulesi. Fanta ndi Sobo tinagula ndithu, koma ndowa ya thobwa ndiyo inayamba kuoneka pansi.

Pa 24 madzulo kunagwa mvula yamphamvu. Itangokata, ngumbi zinatuluka pachulu chomwe chija, n'kudzaunjikana pa babu la pakhonde. Mnyamata wako ndiye anali kapitawo. Anaika mabeseni a madzi pansi pa babu, n'kugawa anzake, ena kukupa ndi nsalu, ena kutola zogwera pansi. Ana a ku Karonga, a ku Kasungu ndi a pakhomo pano, amene masana ankangoyang'anana mwamanyazi, pofika nthawi yogona anali atadziwana maina onse. M'mawa amayi ako anazikazinga zopanda mafuta, poti zili ndi mafuta akeake, n'kuthira kamchere, n'kuzipeta pa lichero mapiko n'kuuluka. Alamu ako anali atapangana kale ndi anyamata kuti adzagumule chulucho chaka chino. Azimayi atatu onse anawaletsa ndi mawu amodzi, ndipo chulu chilipobe.

Pa tsiku lenilenilo tinakapemphera ku tchalitchi cha CCAP cha kufupi kuno, kumene tangopereka kumene makalata athu osamukira. Apongozi, amene kwawo ku Livingstonia Synod ndi a Umanyano, anakhala pakati pa amayi a Chigwirizano, nyimbo zina akuimba m'chinenero chakwawo poti maimbidwe ndi amodzimodzi. Ana a Sande sukulu anachita sewero la kubadwa kwa Ambuye. Monga mwa nthawi zonse, amene anatenga anthu mtima ndi Herode: magalasi akuda, jekete la abambo ake lofika m'maondo, asilikali a mfuti zamitengo akuguba m'mbuyo mwake. Nkhosa zinali tiana tokwawa titafunda zitenje, kamodzi n'kuyamba kulira kufuna amake abusa a nkhosawo asanaone n'komwe mngelo. Ndinakukumbuka, poti iwe unkakana kukhala Mariya, unkafuna usilikali.

Titaweruka, mkulu wa mpingo wa dera lathu anatiperekeza kudzapempherera nyumba. Tinasonkhana tonse pabalaza, ena ataima m'kolido. Atangoti tipemphere, mvula inayambiranso, ndipo pa malata opanda siling'i palibe liwu limene linamveka. Tinkangoona milomo ikugwedera. Kuti pemphero latha tinadziwira poona iwo atukula mutu. Amayi anati palibe kanthu, amene ankauzidwayo wamva.

Mbuzi tinagula kwa bambo wina wa m'mudzi muno. Achimwene ndi alamu ako anaipha m'mamawa tisanapite kutchalitchi, mnyamata wako atagwira miyendo posenda. Zam'kati anaphika amayi ako, matumbo okulunga aja amene umawakonda, chiwindi anyamata n'kuwotcha pomwepo ndi tsabola wa kambuzi. Panali mpunga, nsima, nkhuku, kachumbali, nkhwani wotendera, ndi bowa amene mng'ono wanga anagula m'mbali mwa msewu pobwera. Pogawa nkhuku ndinatchera khutu, chifukwa kwathu nthutumba imapita kwa achimwene, eni mbumba. Amayi anaitola ndi chipande, n'kuiika m'mbale ina, n'kundiuza chapansipansi kuti, "Kapereke kwa eni nyumba." Zaka zonsezi alamu ako kwa amayi anali "abambo a ana" basi. Apongozi anamva, sanayankhe kanthu, koma madzulo ndinawaona akuwathirira amayi mpunga wosaphika m'kathumba kuti adzapite nawo ku Dedza.

Mbale zina tinatumiza kwa oyandikana nawo. Kuno sikuli monga ku Area 25. Mbali imodzi kuli ife obwera, nyumba za mabuloko zosatha, mbali inayo kuli eni mudzi, amene makolo awo anali pano Lilongwe asanakhale likulu mu 1975. Pabwalo pathu pali mtengo wa mango umene tinaupeza. Gogo wina wa banja limene linatigulitsa malowa amabwera m'mawa uliwonse kudzatola ogwa usiku, osaodira n'komwe, poti anaubzala ndi malemu amuna awo. Alamu ako poyamba zinkawanyansa. Ine ndinati asiyeni, tinagula dothi, za mtengo sitinakambirane. Pa Khirisimasi gogoyo anabwera atatchena, anadya nafe, n'kutilozera pamene panali nkhokwe yawo, pamene pankathera mizere ya mtedza. Pamene pali balaza lathu akuti pankabereka maungu kwambiri.

Ndisakunamize, zimenezi zimandisautsa mumtima. Anthuwa akugulitsa minda chigawochigawo, ndalama n'kutha chaka chisanathe, kenaka ana awo omwewo n'kumabwera kudzapempha ganyu yoponda matope kapena kutunga madzi a amisiri pamalo pamene ankalima okha. Tauni ikubwera ndi msewu wa ku Mchinji uwu, ikudya midzi umodziumodzi, ndipo ife ogula ndife mano ake. Sindikunena kuti tikanaleka kugula, nafenso tinatopa ndi lendi. Koma ndikamva anzathu ena obwera akuwatchula anthuwa kuti akuba, asanamange n'komwe mpanda, ndimaona kuti aiwala msanga kuti afika pakhomo pa eni. Pa 26 tiana ta m'mudzi tinabwera m'magulu kudzapempha Khirisimasi bokisi, tinawapatsa masiwiti ndi mandasi otsala. Chakumadzulo kunadutsa gule pamsewu, ana a ku Karonga n'kuthawira pansi pa bedi, athu akuwaseka ngati iwo sanathawe sabata yoyamba.

Tsopano za mwana wako. Wakula, mnzanga. Wandipitirira pa phewa, mawu ayamba kusintha, ndipo nsapato unatumiza zija sizinamulowe, tampatsa chisamba wanga, ndidzakubwezera. Ulendo wina uzifunsa kaye saizi, mapazi a msinkhu umenewu sadikira pasulo. Kusukulu akuchita bwino, amayi ako akuti amawerenga osachita kumuuza, kungoti masamu akufuna womuthandiza mayeso a Sitandade 8 asanafike. Ndi mwana waulemu, ndipo ntchito saithawa. Madzi ambiri a pa Khirisimasi anatunga ndi iyeyo pa wilibala.

Ndikudziwa kuti foni ija inakupweteka. Unaimba pa nthawi yako yopuma, kwanuko kutada kale 4 koloko isanakwane, kuno 6 koloko ikuyandikira, anthu akhuta, wailesi ikulira. Tinakwera naye pachulu, ndipo iye anangoti "ndili bwino", "eya", "zikomo", maso ali pansi. Unandilembera usiku womwewo kuti mwana wakuiwala. Sanakuiwale. Pansi pa chulu panali ana asanu ndi mmodzi akumuyang'ana, ndipo mnyamata wa msinkhu umenewo sangalire pamaso pa anzake. Foni itaduka sanatsike msanga. Atatsika anauza anzakewo zonse za iwe, kuti umasamalira okalamba, kuti kumene uliko dzuwa limalowa masana, kuti nthawi ya kwanuko imatsalira ndi maola awiri. Amadziwa zambiri za moyo wako kuposa mmene ukuganizira.

M'mawa mwake anandifunsa kuti puloti ya amayi ake ili pati. Ndinadabwa kuti palibe anamuonetsapo, chikhalirecho ndi mtunda woyenda pansi kuchokera pano. Tinapita ine, iye ndi amayi ako. Udzu wafika m'chiuno, maziko aja akungooneka pang'ono, mabuloko ena anagwa, ena ndikuganiza kuti anayenda. Anazungulira maziko onse akuponda pamwamba pake, akuwerenga zipinda, kenaka anandifunsa kuti chake chidzakhala chiti. Ndinamulozera chakum'mawa. Ngati unakonza zina, undikhululukire, wachitenga kale.

Apa ndiye ndikuuze zimene ndakhala ndikufuna kukuuza, ndipo usakwiye. Pulani yako ija ndi yaikulu kwambiri. Zipinda zinayi, ziwiri za bafa m'kati, galaja, khonde lozungulira. Ndikumvetsa, munthu ukavutika kunja zaka zonsezi umafuna pobwera anthu aone chimene unapitira. Koma nyumba yotero, ndi mmene mitengo ya zinthu ikukwerera, idzatha mwanayu ali ndi ndevu. Iwe ukuti sungabwere kudzacheza nyumba isanathe chifukwa ulibe pofikira ndipo tikiti ingadye ndalama ya simenti. Chaka chatha unanena zomwezo. Mwanayu akumaliza pulayimale, akapita kusekondale yogonera komweko udzamuona liti? Amayi akonso, ngakhale sakuuza pa foni, miyendo yayamba kuwavuta, pokwera minibasi tinachita kuwakankhira.

Ine ndikuti kwezani mbali imodzi yokha, zipinda ziwiri ndi balaza, mufolere, muike zitseko zolimba ndi mabagala, zinazo zizibwera pambuyo. Amayi ako ndi mwana achoke pa lendi ku Kawale adzakhalemo, ndalama ya lendiyo izigula simenti, ndipo pamalo pakakhala anthu mabuloko sayenda. Ife takhala m'nyumba yosatha mwezi wathunthu, pa Khirisimasi ndi alendo odzaza, palibe amene anadandaula za pulasitala. Amene ankati atiseka aja ndi omwe anapempha kuti chaka chamawa adzabwerenso.

Pa Nyuwere kunabwera anzathu a kumdadada kuja, ndi awiri a kusekondale amene ukuwadziwa. Ena anasankha kupita kunyanja ku Senga Bay, ndipo sindiwada, kunkatentha. Amene anabwerawo anafika mochedwa chifukwa galimoto inatitimira m'matope pokhotera kuchoka pa tala, anyamata a m'mudzi n'kuikankha, n'kulipiritsa ndithu. Anatsika nsapato zili m'manja, mmodzi akuti, "Koma ndiye mwasamukira kutchire!" Yemweyo pofika madzulo, atakhuta nyama yowotcha pansi pa mango, ankafunsa alamu ako ngati kuno kukadali malo ogulitsa. Tinakutchula kwambiri. Anakumbutsa za chaka chija tinaphika mpunga pa mbaula imodzi mabanja atatu, iwe n'kupsereza wako chifukwa cha nkhani. Usiku akuluakulu anapita kutchalitchi kukadikira chaka, ife tinatsala ndi ana, 12 koloko itakwana mudzi wonse n'kuyamba kuimba zitini ndi mabeseni, agalu akuuwa mbali zonse.

Zotsatira zake ndiye ndi izi tikuziona panozi. Thumba la ufa limene ndinkati lifika Febuluwale linatha chaka chisanathe. Makala, mafuta ophikira, sopo, zonse zinapita. Pobwerera aliyense anafunika thiransipoti, amayi shuga, mchere, chitenje ndi ndalama ya feteleza uja, apongozi chimodzimodzi, pakuti sungapatse mmodzi winayo akuona. Kenaka fizi. Magalasi a zipinda ziwiri aja adikira mpaka anthu akolole. Nditadandaula pang'ono, amayi anangoti walira mvula walira matope, unkafuna nyumba, anthu ndi amenewa. Ndawauza abale onse kuti Disembala akubwerayu khomo ndi lotsegula, koma tizidzasonkha kuyambira Okutobala, wina mbuzi, wina mpunga, wina makala. Achimwene anavomera msangamsanga, ndiye ndikudziwa kuti ndidzachita kuwakumbutsa.

Pali zinthu zingapo zofuna yankho lako. Ndalankhula ndi mayi wina wa m'mudzi muno kuti alambule puloti yako n'kubzalapo mbatata, popeza ya chimanga nthawi yapita. Sakufuna malipiro, adzangokolola yekha, ndipo malowo adzaoneka kuti ali ndi mwini. Ukavomera ayamba sabata ino mvula isanapite patali. Chachiwiri, chikhomo chimodzi cha malire, cha mbali ya kumsewu, sitinachione. Alamu ako akuti apite kwa amfumu ndi amene anakugulitsa, akaloze pamodzi, tikhomepo chachitsulo ndi simenti, oyandikana nawe asanayambe kukumba mpanda. Unditumizire chithunzi cha pepala la mgwirizano lija, amayi ako akuti lawo sakudziwa pamene analiika. Mmisiri amene anatifolera ndi wokhulupirika, ukafuna akhoza kupita kukaona maziko n'kukuwerengera mabuloko ndi malata a mbali imodzi ija, uone wekha kusiyana kwake.

Ndipo tchuthi cha Disembala upemphe panopa, anzako asanakulande. Matikiti a nyengo imeneyo, kaya udzera ku Addis Ababa kaya ku Nairobi, amakwera ukachedwa. Ngati kwako kudzakhale kusanafoleredwe, udzafikira pano, ndikuika chipinda chimodzi ndi amayi ako, mkonono wa achimwene udzaupirira. Usadzavutike ndi masutikesi a mphatso, ungobweretsa nsapato za mwanayu, saizi ndidzakuuza mu Novembala, ndi mankhwala opaka a miyendo aja amayi ako anati anawathandiza.

Alamu ako akupereka moni, akuti ngongole ya mbuzi ya chaka chino ili pa iwe. Ana akuti azakhali abwere ndi chokoleti. Amayi anandiimbira dzulo kuchokera ku Dedza, aganyu aja akuti anapalira mwaulesi, abwerezanso okha, ndipo anati ndikupatse moni ndikamakulembera. Undiyankhe za mbatatazo lisanafike tsiku la Chilembwe pa 15, mayiyo akudikira.

Ndine mnzako wa kale lomwe,
wa ku Njewa